Mayina a Ana a Bere Limodzi: Tikondweretse Khutu Kapena Tanthauzo?

M'kaundula wa madrasa yathu kuno ku Champhira, kum'mwera kwa boma la Mzimba, muli atsikana awiri a bere limodzi, wamkulu Shakira, wamng'ono Shakila. M'Chiarabu awa ndi mayina awiri: loyambalo likunena mkazi woyamika, lachiwirilo wa maonekedwe okongola. Koma lilime lathu silisiyanitsa r ndi l, motero tikaitana mmodzi amadzuka onse, ndipo anzawo anathetsa vutoli pomutcha wamng'onoyo "Shakira wachiwiri". Mwana wa zaka 7 akukula ndi dzina lobwereka kwa mkulu wake, chikhalirecho makolo anam'chitira akika yakeyake.

Chizolowezi chimenechi tikuchionanso m'makomo a abale athu ku Nkhotakota, Salima ndi Mangochi. Mwana akabadwa, makolo ambiri sayamba afunsa shehe kapena agogo tanthauzo la dzina. Amatsegula foni, nafufuza pa Facebook dzina loyamba kapena lothera mofanana ndi la mkulu wake. Atatifunsa ngati kutero n'koletsedwa, tiyankha kuti ayi. Chomwe tikudzudzula ndi kusiyira khutu udindo umene unayenera kukhala wa nzeru.

Okonda mayina ofanana ali ndi umboni wawo, ndipo si wopepuka. Zidzukulu za Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye), ana a Ali ndi Fatima, anali Hasan ndi Husain. N'chifukwa chake ambiri a ife timatcha mapasa Hasani ndi Huseni, ngakhale kuti eni mayinawo sanali mapasa: Hasan anabadwa m'chaka cha 3 cha Hijra, Husain m'chaka cha 4. Koma tiyang'anitsitse. Mayina awiriwa akuchokera ku tsinde limodzi lonena ubwino, ndipo Husain ndiye kuti Hasan wamng'ono. Kugwirizana kwa mawu kukutsatira kugwirizana kwa tanthauzo. Ndipo ana a Mtumiki mwiniwake, Qasim, Zainab, Ruqayya, Ummu Kulthum, Fatima, Abdullah ndi Ibrahim, mayina awo ambiri safanana kamvekedwe, koma palibe amene anaonapo kupelewera m'nyumba imeneyo.

Maswahaba awiri akutiphunzitsa kugwirizana kwa mtundu wina. Olemba mbiri amanena kuti Talha mwana wa Ubaidillah ankatcha ana ake mayina a aneneri, monga Muhammad, Musa, Isa, Yusuf ndi Zakariya, pamene Zubair mwana wa Awwam ankawatcha mayina a Maswahaba amene anafera chipembedzo, monga Hamza, Ja'far ndi Mus'ab. M'nyumba zimenezi mayina ankagwirizana ndithu, koma chowamanga pamodzi chinali cholinga cha bambo. Mwana aliyense anali ndi munthu wakewake womuyang'ana pokula.

Ngozi ya kutsata khutu imaposa kusokoneza kaundula. Taonapo banja la Usumani, Lukumani ndi Sulaimani, limene pobadwa wachinayi linamutcha Rahamani kuti mzere usaduke. Ar-Rahman ndi dzina la Allah yekha, ndipo kapolo wake amayenera kukhala Abdur-Rahman, limodzi mwa mayina awiri amene hadisi ya m'buku la Imam Muslim imati Allah amawakonda koposa. Pofuna kuti mayina athere mofanana, makolowo anadula mawu omwe akuvomereza ukapolo wa mwana kwa Mlengi wake. Apa m'pomwe akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mtumiki sankaona dzina ngati chokongoletsa chabe. Anasintha dzina la mkazi wina lotanthauza wonyoza malamulo kukhala Jamila. Anafunanso kusintha la Hazn, lotanthauza nthaka yokakala, kukhala Sahl, kufewa, koma mwiniwake anakana kusiya dzina limene anam'patsa bambo ake. Mdzukulu wake, shehe wamkulu wa ku Madina Sa'id mwana wa Musayyib, anadzavomereza kuti kukakalako sikunachoke pa mtundu wawo. Pa kusintha konseku, chomwe chinkayezedwa chinali tanthauzo.

Anansi athu Atumbuka ndi Angoni kuno ali ndi phunziro kwa ife. Chomanga ana a nyumba imodzi kwa iwo ndi chiwongo, kaya Jere, kaya Nyirenda, ndipo dzina la mwana limasimba nyengo imene anabadwiramo. Ukamva Masozi, Lusungu ndi Tiwonge, wamva mbiri ya banja kuchokera ku misozi, kudzera m'chifundo, kufika pa kuyamika. Sitikulimbikitsa kusenzetsa mwana dzina la misozi, pakuti nkhani ya Hazn yatichenjeza kale. Koma agogo a kuno ukawafunsa chifukwa cha dzina la mdzukulu wawo, amayankha osadodoma. Ndi angati mwa ife amene tingatero pa mayina achiarabu omwe tadzaza m'nyumba zathu?

Tikumbukire kuti ana sakhala m'bwalo limodzi mpaka kalekale. Wina adzakwatiwa ku Salima, wina adzatsikira ku Joni, aliyense atanyamula dzina lake payekha pa chitupa, pa satifiketi ya mayeso ndi pa kalata ya nikaha. Kumeneko kukoma kwa mzere wa mayina sikudzamveka. Chidzatsale ndi funso limodzi: dzina lako likutanthauza chiyani?

Masiku 7 a pakati pa kubadwa ndi akika ndi okwanira kupita kwa shehe wodziwa Chiarabu. Tifunse tanthauzo, tifunse amene analitchulidwapo, kenako tiliitane mokweza pakhomo monga adzaliitanire agogo ake, timve ngati silikumezedwa ndi la mkulu wake. Likapambana mayeso atatuwa n'kupezekanso kuti likumveka bwino pambali pa la m'bale wake, Alhamdulillah, ndi mphatso yowonjezera. Likalephera, tilisiye, ngakhale likhale lotsekemera bwanji. Shakila wathu uja tayamba kumuitana ndi dzina lake lachiwiri, Mariamu, ndipo tsopano amadzuka yekha.