Coonadi ndi Cinyengo pa Bwalo la Sewero: Sophocles ndi Ibsen

Sewero liri lonse limayamba ndi pangano losalembedwa pakati pa osewera ndi oonerera: awa anena zabodza, awo abvomera kuzilandira monga zoona kufikira sewero litatha. Mu mzinda wa Athens, zaka za m'ma 400 Kristu asanabadwe, osewera onse anali amuna obvala zigoba kumaso, kotero kuti mfumukazi Jocasta imene khamu linali kuimvera cisoni inali mwamuna wobisala m'cigoba. Sitidabwa tsono kuona kuti olemba masewero akhala akubwerera kawiri-kawiri ku funso la kusiyana kwa zooneka ndi zenizeni, pakuti funsolo liri pa tsinde peni-peni pa luso lao.

M'nkhani ino tiyerekeza masewero awiri: la mfumu Oedipus, lolembedwa ndi Sophocles ndi kuonetsedwa ca m'ma 429 Kristu asanabadwe, ndi Vildanden, ndiko kuti Bakha wa Kuthengo, limene Henrik Ibsen wa ku Norway anafalitsa mu 1884. Colinga cathu ndi kutsutsa ganizo lofala lakuti masewero otere amaphunzitsa kuti coonadi cimagonjetsa cinyengo, basi. Ife tiona kuti olembawa anafunsa funso lina lobvuta koposa: kodi amene afuna coonadi ndani, ndipo amene alipira mtengo wake ndani?

Oedipus ndi mfumu ya Thebes, ndipo mliri wagwa m'dziko lake. Mau ocokera ku kacisi wa Apollo ku Delphi ati mliri sudzatha kufikira wopha mfumu yakale, Laius, atapezeka. Oedipus alumbira kumsaka ndi kumtemberera, osadziwa kuti adzitemberera yekha. Iye akhulupirira kuti ndi mwana wa Polybus ndi Merope a ku Corinth, ndi kuti pothawa kwao anazemba ulosi wakuti adzapha atate wake ndi kukwatira amai wake. Oonerera a ku Athens anali kuidziwa kale nthanoyi, motero cidwi cao sicinali pa zimene zidzacitika, koma pa kuona munthu wanzeru akudzichera msampha ndi nzeru zake zomwe. Mlosi Teiresias, wakhungu, aona zonse. Mfumu ya maso awiri siona kanthu, ndipo imnyoza cifukwa ca khungu lakelo.

Cofunika kucigwiritsa ndi ici: Oedipus anali ndi mpata wakuleka. Teiresias akana kulankhula poyamba. Jocasta, atazindikira mwamuna wake asanazindikire, amdandaulira kuti asafunsenso. Mbusa wokalamba aulula pokha-pokha atamuopseza. Onse omzinga ayesa kumteteza ku coonadi, koma iye akana citetezo cao, popeza anthu ali kufa ndipo udindo ndi wake. Aristotle, m'buku lake la Poetics, anayamikira seweroli cifukwa kuzindikira ndi kutembenuka kwa mwai zifika pa nthawi imodzi: mthenga wa ku Corinth, pofuna kumcotsa mfumu mantha, ndiye amene aigwetsa. Jocasta adzimangirira, Oedipus adzikolowola maso ndi zomangira cobvala ca mkaziyo. Wofuna coonadi ndi wolipira ali m'thupi limodzi.

Za Othello wa Shakespeare sitinenapo zambiri, pakuti mmenemo cinyengo cicokera kunja: Iago acibzala dala, ndi kansalu kopukutira kumaso monga umboni. Bodza la mdani ndi losabvuta kuliweruza. Cobvuta ndi bodza limene munthu adziuza yekha kuti akhale ndi moyo, ndipo apa ndi pamene Ibsen alowa.

Banja la Ekdal likhala m'zipinda za pamwamba pa nyumba, ndipo ali yense mmenemo ali ndi cinyengo cake. Hjalmar Ekdal ndi wojambula zithunzi, koma nchito yeni-yeni aigwira ndi mkazi wake Gina, pamene iye agona pa mpando nalota za cinthu cina catsopano cimene ati adzapanga kuti cibweze ulemu wa banja. Atate wake, amene kale anali msilikali ndi mlenje wa zimbalangondo, anamangidwa pa mlandu wodula mitengo mosaloledwa, pamene mnzao wa malonda, Werle, anapulumuka nalemera. Lero nkhalambayo isaka akalulu m'cipinda ca kudenga, pakati pa mitengo youma ya Khrisimasi, niyesa kuti iri m'nkhalango. M'cipinda comweco muli bakha wa kuthengo amene Werle anamlasa ndi mfuti, ndipo mtsikana Hedvig, wa zaka 14, amkonda koposa zonse.

Afika Gregers, mwana wa Werle. Iye azindikira kuti Gina anali m'cibwenzi ndi atate wake pamene anali wanchito m'nyumba mwao, ndi kuti ukwati wa Hjalmar unakonzedwa ndi Werle yemweyo. Gregers adziona monga uja akulu amati wakutsina khutu ndi mnansi. Akhulupirira kuti akaulula zonse, banjalo lidzamangidwa mwatsopano pa maziko a coonadi. Dokotala Relling, cidakwa cokhala m'munsi mwa nyumbayo, atsutsa: iye aciza odwala ake powapatsa kabodza kowacirikiza, ndipo ndiye anaika maloto aja m'mutu mwa Hjalmar. Maganizo ake ndi akuti ukalanda munthu wamba bodza lotere, wamlandanso cimwemwe.

Ambiri amathamangira kunena kuti Relling ndiye mlomo wa Ibsen. Ife sitibvomereza. Wolemba yemweyu zaka ziwiri m'mbuyomo, mu 1882, anali atapereka dokotala Stockmann amene aima yekha pa coonadi ca madzi oipa, mzinda wonse ukumtsutsa. Ndiponso mankhwala a Relling ali ndi cipongwe mkati mwake, pakuti aona anzake monga ana osayenera kuuzidwa zoona. Colakwa ca Gregers si kukonda coonadi, koma kuti coonadi cimene anyamula ndi ca eni, ndipo cimene cimtuma ndi cidani ca pa atate wake. Iyenso ali m'cinyengo, mwina coposa ca onse: aona mwa Hjalmar ngwazi imene mulibe. Oedipus anafukula manda a iye mwini cifukwa ca mliri wa dziko lonse. M'nyumba ya Ekdal munalibe mliri kufikira Gregers atalowa.

Nkhani ya maso ibweranso pano, koma mwa njira ina. Hedvig ali kucita khungu pang'ono-pang'ono, ndipo maso a Werle nawonso ali kufooka. Hjalmar, munthu amene nchito yake ndi kukonza zithunzi kuti anthu aoneke bwino koposa mmene aliri, alumikiza ziwirizi namkana mwanayo. Gregers auza Hedvig kuti aphe bakha wake monga nsembe yoonetsa cikondi kwa atate. Mtsikanayo atenga mfuti, alowa m'cipinda ca kudenga, nadziwombera yekha. Khungu la Oedipus anadzisankhira yekha ataona. La Hedvig ndi colowa, ndipo iye afa asanamvetse cimene walakwa.

Ngakhale imfayo sithetsa cinyengo. Gregers ati cisoni cam'kweza Hjalmar. Relling ayankha kuti caka cisanathe mwanayo adzangosanduka mutu wa zokamba zokometsera za atate wake, ndipo zimene taona mwa Hjalmar zitikakamiza kumkhulupirira dokotalayo. Cina cimene openda ambiri amacilumpha ndi cakuti Ibsen satsimikiza konse za tate wa Hedvig. Mbusa wa Sophocles apereka umboni wosatsutsika, koma Gina, atafunsidwa ndi mwamuna wake maso ndi maso, ayankha kuti sadziwa. Mwina anena zoona, mwina ateteza mwana wake, ndipo wotsogolera seweroli ali yense ayenera kusankha mmene wosewera adzanenera mau amenewo.