Msewu Wosaiwala

Pa Nselema, pamene msewu wochokera ku Liwonde, utapitirira Ntaja, ulunjika ku Namwera, ndidakhalapo tsiku lina madzulo m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo, m'mene anyamata amapereka kangachepe kuti agwireko padi ya PlayStation 2. Ndipo ngakhale ambiri a iwo amadzera mpira, tsikulo awiri adali pa liwiro la magalimoto lotchedwa FlatOut 2, kanema atamgawa pakati, aliyense ndi chigawo chake. Mmodzi, pofika pokhota, adawomba dala mulu wa matayala pamodzi ndi mpanda wa matabwa, nazimwaza mumsewu monse. Mnzake adamtonza kuti chiwongolero sachidziwa. Koma atazungulira nafikanso pomwepo, wotonzayo ndiye adakwera tayala limodzi mwa aja, galimoto yake nigwa chagada, ndipo onse a m'chipindamo adafa nalo phwete.

Ine ndiyesa kuti luso lonse la magemu a mtundu uwu lagona pa tayala limenelo. Kugumula nyumba m'kanema si ntchito yapatali kwa amisiri a makono, pakuti fumbi, moto ndi chiphokoso angathe kuzichulukitsa monga afuna. Chovuta ndicho kuchititsa kuti chogumukacho chikhale ndi mlandu pa ulendo wotsatira, kuti msewu usaiwale chimene adauchita. A Bugbear Entertainment a ku Finland, amene adatulutsa FlatOut yoyamba mu 2004 ndi yachiwiri mu 2006, adachizindikira ichi: zimene wamwaza zikhala pomwepo kufikira mpikisano utatha, kotero kuti kuzungulira kwachitatu sikufanana ndi koyamba. Adaonjezanso nyambo, pakuti wowomba zinthu amapatsidwa mphamvu yothamangira yotchedwa nitro, chikhalirecho kuwombako kumchedwetsa. Ndipo woyendetsa, pokhala ndi mapanga awiri, ayenera kusankha msanga asanavumbwe.

Nzeru yotereyi si yachilendo kwa anyamata a kabaza, amene nthawi ya dzinja sakhulupirira njira chifukwa chakuti adadzerapo m'mawa, podziwa kuti mvula ya masana ikhoza kukumba ngalande pamene padali posalala. Iwo amayenda akuuwerenga msewu, ndipo gemu yabwino imfunsa woseweranso kuti awerenge.

Za Burnout 3: Takedown ya mu 2004 sindinena zambiri, ngakhale ndiikonda: m'menemo magalimoto ndiwo aphwanyika, koma mudzi uli chilili. Need for Speed: Most Wanted ya mu 2005 idapita patsogolo pang'ono, popatsa wothawa apolisi nsanamira zakuti agwetse, monga Samsoni m'nyumba ya Afilisti, kuti denga kapena thanki ya madzi igwere omlondola, komatu malo akewo adalembedwa kale pamapu, ndipo chinthucho chigwa mofanana tsiku ndi tsiku.

Pamene mtima wanga ugawikana ndi pa Split/Second, imene a Black Rock Studio a ku Brighton adatulutsa mu 2010. Palibe gemu idagumula mwaulemerero kuposa iyi. Woyendetsa asonkhanitsa mphamvu pokhota motsetsereka, polumpha, ndi potsata m'mbuyo mwa mnzake. Ndipo ikadzala, adina batani limodzi, nsanja ya pabwalo la ndege nigwa, kapena ndege yeniyeniyo nitera ikuyaka pa msewu womwe akuthamangapo, njira yakale nitsekeka, nitseguka ina. Apa kugumula kwasanduka chida, ndipo funso lakuti udine liti, mdani ali pati, lili ndi kulemera kwake. Koma chinthu chilichonse m'menemo adachikonzeratu ngati sewero la pasukulu: nsanja igwera mbali yomweyo, mwa njira yomweyo, ndipo wosewera kakhumi aidutsa akuyasamula. Akulu adati tsobola wakale sawawa. Tayala la FlatOut, losaoneka bwino lija, ligubuduka kumene lifuna, ndipo ngakhale amene adalipanga sangalosere pogwera pake. M'menemo ndimo lipambanira nsanja ya ku Brighton. Situdiyoyo idatsekedwa mu 2011, isanapatsidwe mpata wokonza chofooka chimenechi.

M'chaka chomwecho mudachitika chinthu chimene chidakumbutsa amisiri kuti chosekerera kwa wina ndi maliro kwa mnzake. MotorStorm: Apocalypse, yothamangitsa magalimoto m'mudzi wogwedezeka ndi chivomezi, idali pafupi kutuluka pamene chivomezi chenicheni chidakantha Japan pa 11 Malichi, eni ake adaichedwetsa m'maiko ena, ndipo ku Japan komweko sadaitulutse konse. Ifenso a chigawo cha kummwera, chipitireni namondwe Freddy mu Malichi 2023 nakokolola misewu ndi milatho, tili ndi maso ena poonera zotere. Nditatuluka m'kachipinda kaja ndidamuonetsa mnyamata wina wa kabaza pa foni yanga mmene nsanja ya Split/Second ija igwera. Moto ndi fumbi sadazisamale konse, adayandikitsa nkhope, nayang'anitsitsa m'mphepete mwa zogumukazo, nati, "Nanga tsopano adzera pati, achimwene?"