Mcenga wa pa Cithunzi ca Dolly Rathebe

Masiku apitawa ndakhala ndikuyang'ana zithunzi zakale za oimba acikuda a ku Joni, zimene anajambula Jürgen Schadeberg. Mkuluyu anabadwira ku Berlin mu 1931, nafika ku South Africa mu 1950, nagwira nchito pa magazini ya Drum, imene inayamba kutuluka mu 1951. Zithunzi zake zasindikizidwa kambirimbiri, ndipo anthu amazipacika m'nyumba ponyadira. Tiyeni tione ziwiri zokha, tidzifunse ngati kunyadira pakokha kukwanira.

Coyamba ndi ca Miriam Makeba, ca mu 1955. Mtsikanayo waima pa maikolofoni, wabvala mwaulemu wake, alibe mantha ndi munthu. Luso la wojambula lili pakuti sanamtenge ngati cinthu cacilendo cokaonetsa azungu. Masiku amenewo munthu wakuda akaoneka m'nyuzipepala za azungu, kawirikawiri ankakhala wanchito wopanda dzina. Apa tikuona mwini mau, wodziwa nchito yake. Pamenepa ndilibe cotsutsa ai.

Koma cithunzi sicilankhula zonse. Caka comweco, pa 9 February 1955, apolisi okwana 2,000 analowa m'Sophiatown, mudzi umene unalera nyimbo zambiri za nthawiyo, nayamba kusamutsira anthu ku Meadowlands. Nyumba zinagumulidwa, malowo anapatsidwa kwa azungu ndi kuchedwa Triomf. Makeba mwini anacoka m'dzikolo mu 1959. Mu 1960 boma linamkaniza kubwera ku maliro a amai ake, ndipo anadzapondanso kwao mu 1990. Woona diresi lokha sangadziwe zimenezi.

Caciwiri ndi ca Dolly Rathebe, amene anachuka ndi kanema wa Jim Comes to Jo'burg wa mu 1949. Ali pa mcenga, wabvala kacobvala kosambira. Kunena zoona, ife a mumpingo tikaona zotere timafulumira kutembenuza tsamba, ndipo inenso poyamba ndinatero. Koma akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ku Johannesburg kulibe nyanja. Mcengawo ndi mulu wa dothi lotayidwa kucokera m'migodi ya golide. Anapita kumeneko kuti paoneke ngati pagombe. Ali mkati mojambula, apolisi anawagwira onse awiri, powaganizira kuti akuswa lamulo loletsa mzungu kugona ndi munthu wakuda. Anthu awiri anali pa nchito, koma apolisi anaonapo cigololo basi. Za kabvalidwe tingathe kukambirana, koma tisabwereke maso a apolisi aja.

Tsono dandaulo langa lili pa mcenga womwewo. Kodi anaufukula ndani? Anaufukula amuna otsika pansi pa nthaka, ndipo ambiri mwa iwo anali a kuno ku Moçambique ndi a ku Nyasaland, olembedwa ndi Wenela. Ena anali olankhula Cinyanja cathu comweci. Pa cithunzi palibepo ndi mmodzi yemwe. Anabwerako ndi jekete, njinga, galamafoni ndi mbale za nyimbo. Ena anabwerako ndi cifuwa ca fumbi cimene cinawatsiriza kumudzi. Ena sanabwereko konse, tinangowacha macona. Woimba tikumdziwa dzina, caka cobadwa ndi caka comwalira, 1928 ndi 2004. Nanga wofukula mcenga?

Mlanduwu sindikuuika pa Schadeberg yekha. Drum yomweyo mu 1952 inaulula nkhanza za m'minda ya azungu ku Bethal, m'nkhani ya Henry Nxumalo, ndipo Schadeberg ndiye anajambula. Colakwa cili mwa ife osankha. Timatola zokongola zokhazokha, zowawa n'kuzisiya m'bokosi, mpaka mwana wa lero aganize kuti zaka za m'ma 1950 zinali za madansi ndi masuti. Kutero ndiko kuwacepsa oimbawo, pakuti ukulu wao uli pakuti anaimba motero pamene nyumba zao zinali kugumulidwa.

Conco zithunzizi ndi zabwino, ndipo ndikuti zionedwe, koma zisapacikidwe zopanda mbiri yake. Ndipo phunziro lake lifike pakhomo pathu. M'masutukesi a m'midzi yathu muli zithunzi za agogo atabvala suti, atajambulitsa ku Joni kapena ku Salisbury. Inu amene mwaphunzira kulemba, tengani pensulo, khalani pansi ndi nkhalamba imene ikumdziwa munthuyo. Lembani kumbuyo kwa cithunzi dzina lake, mfunda wake, mudzi wake, mgodi kapena munda umene anagwirako, ndi caka cimene anapita. Citani zimenezi mwezi uno, nkhalambayo ikali ndi moyo.