Dzina lachingerezi likamanama, ife tilitsatire?

Pali chizolowezi chimene chikukula pakati pa ife omasulira nkhani za sayansi. Tikapeza dzina lachingerezi la chamoyo, timangolitembenuza liwu ndi liwu, basi ntchito yatha. Chitsanzo chabwino ndi kanyama ka m'nyanja zamchere kotchedwa bottle-brush black coral. Womasulira wachangu alemba kuti "korali wakuda wonga burashi yotsukira botolo". Galamala ili bwinobwino, koma owerenga anamizidwa kawiri.

Bodza loyamba ndi la mtundu. Korali ameneyu akakhala wamoyo sakhala wakuda ayi. Mnofu wake umatha kukhala woyera, wotuwa, wachikasu, wofiirira kapena wobiriwira. Chakuda ndi chimango cha mkati, chopangidwa ndi mapuloteni ndi chitin, zija zimalimbitsa chikamba cha nkhanu ndi chiwala. Chimangochi chili ndi timinga ting'onoting'ono, ndipo pamwamba pake pamakhala tinyama tambirimbiri, kalikonse ka timanja tisanu n'kamodzi. Azungu adatchula dzinali poona chimango chouma chimene amisiri amasema mikanda, malonda amene adachititsa kuti mu 1981 makorali onsewa alowe m'ndandanda wachiwiri wa pangano la CITES. Ife tili kale ndi fanizo labwino: phingo. Kunja ndi wotuwa, ukadula mkati muli bii. Choncho "korali wakuda mkati" akunena zoona kuposa Chingerezi chenichenicho.

Bodza lachiwiri ndi lalikulu. Mawu oti bottle-brush amafotokoza kaonekedwe chabe: tsinde limodzi lowongoka, tinthambi tatifupi titazungulira mbali zonse. Sanena za chibale. Makorali onsewa ali m'gulu la Antipatharia, koma a maonekedwe a burashi amwazikana m'mabanja osiyana. Tanacetipathes wa ku Atlantic ali m'banja la Myriopathidae, limene Dennis Opresko adakhazikitsa mu 2001. Parantipathes wa m'madzi akuya ali mu Schizopathidae, pamene Stylopathes ali mu Stylopathidae. Akatswiri sawasiyanitsa pongowaona patali. Amayang'ana kapangidwe ka timinga pa maikulosikopu, kakulidwe ka tinyama tija, kasanjidwe ka tinthambi, ndipo masiku ano amayezanso DNA.

Apa m'pamene wolankhula Chichewa angasokonezeke. Tikati "chambo", dzina limodzi likuphimba mitundu ingapo, monga Oreochromis karongae ndi Oreochromis squamipinnis, koma nsombazo ndi pachibale ndithu. Wophunzira akamva "korali wa burashi" aganiza kuti zili chimodzimodzi, pomwe pano kufanana nkhope si ubale. Womasulira ayenera kunena poyera kuti dzinali ndi la maonekedwe, kenako alembe dzina lasayansi pambali pake.

Komanso, burashiyo ndi yofunikadi? Anzathu a sayansi nawo adangobwereka zimene ankaziona kwawo. Tanacetipathes akuchokera ku Tanacetum, chitsamba cha ku Ulaya, ndipo Cupressopathes abies, wopezeka m'nyanja ya Indian kuphatikizapo gombe la Madagascar, ali ndi maina a mitengo iwiri. Ngati iwo adatero, ifenso tingathe kunena kuti "wonga mchira wa gologolo", ndipo mwana wa ku Ntcheu aona chithunzicho nthawi yomweyo.

Mfundo yomaliza ndi ya magulu a maina. Tinene kuti "korali wakuda" kapena "korali lakuda"? Ine ndikukonda "wa-", ngati mmene timanenera "galu wakuda" kapena "nyalugwe wamkulu". Chinthuchi chimaoneka ngati kamtengo, ndiye mgwirizano wa "wa-" umathandizako kukumbutsa owerenga kuti ndi nyama, imene imadya tizilombo toyandama m'madzi. Inu amene mukulemba mabuku a sukulu, sankhani mgwirizano umodzi ndipo muusunge kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza.