Kanyali Kofiira ka mu Kombi

M'buku la malangizo limene kampani ya Volkswagen inkapereka kwa wogula Kombi m'zaka za m'ma 1960 muli kandime konena za kanyali kofiira ka jenereta. Ankakawerenganso amene ankagula Kombi zokonzedwa ndi Westfalia ku Germany, zija zokhala ndi bedi, tebulo ndi makabati, zimene banja linkayenda nazo masana n'kugonamo usiku. Kandimeka kali ndi mfundo ziwiri. Kanyali kakayaka galimoto ili pa liwiro, ima msanga uone lamba, chifukwa lamba akaduka injini siziziranso. Ngati lamba ali bwinobwino koma jenereta yaleka kuchaja pa chifukwa china, ukhoza kuyendabe mpaka kugalaja, podziwa kuti batire likutha.

Chimene ndimachilemekeza pa kandimeka ndi chimene wolemba anayamba nacho. Dalaivala aliyense akaona kanyali kameneka mtima umathamangira ku batire: kodi lindifikitsa kuti? Wolembayo anaika batire kumapeto, n'kuyamba ndi kuima. Chifukwa chake chili kumbuyo kwa galimoto, kumene kuli injini. Injini ya Kombi ya nthawi imeneyo inalibe redieta kapena madzi. Inkazizira ndi mphepo, ndipo fani yopemerera mphepoyo inali pa chitsulo chimodzi ndi jenereta. Lamba mmodzi ankazunguza zonse ziwiri. Akaduka, batire likanatha kuyendetsabe injini mtunda ndithu, ndipo ngozi inali pomwepo: galimoto ikuthamanga ngati palibe chachitika, kwinaku injini ikupsa. Silinda yachitatu, imene kale inkatentha kuposa zinzake chifukwa mphepo yake inkadzera kaye pa chozizitsira oilo, ndiyo inali pangozi kwambiri. Mphindi zochepa zinali zokwanira kuwononga injini.

Kanyaliko pakokha sikadziwa za lamba. Mbali ina kalumikizidwa ku batire, ina ku jenereta, ndipo kamayaka magetsi a mbali ziwirizi akasiyana. Lamba kuduka, waya kuthothoka, maburashi kutha, zonsezi kwa iko n'chimodzi. N'chifukwa chake buku silikuuza dalaivala kuti aganizire, likumuuza kuti atsike, atsegule kachitseko ka kumbuyo, aone ndi maso.

Mfundo yachiwiri ndi chilolezo, koma chopanda nambala. Sinena kuti batire litha pa makilomita angati. Wina anganene kuti apa wolemba anaperewera, ine ndimaona kuti ananena zoona. Mtundawo umadalira zimene wayatsa. Injini ya petulo yakale imangofuna magetsi pang'ono a koilo ndi mapulagi, ndipo masana ikhoza kuyenda kutali. Kukada nkhani imasintha: nyali ziwiri zakutsogolo za mawati 55 iliyonse zimakoka pafupifupi maampu 9 pa batire la mavoti 12. Mvula ikagwa, mawaipa nawo afuna gawo lawo. Ndipo Kombi zambiri za chaka cha 1967 chisanafike zinali za mavoti 6 okha. Choopsa china ndi sitata, imene pa kulizako kamodzi imakoka maampu oposa 100. Amene wasankha kuyenda pa batire asazimitse injini pamalo pamene sangathe kuikankha.

Kandimeka kanali koona pa injini imene kanalembedwera. Cha m'ma 1972 Volkswagen inayamba kuika mu Kombi zina injini ya Type 4, imene fani yake ili pa crankshaft, osati pa jenereta. Pamenepo lamba kuduka sikunkaimitsanso fani. Kanyali ndi komweko, kufiira n'komweko, koma tanthauzo lake linapepuka. Galimoto zogonamo za masiku ano, monga zomangidwa pa Fiat Ducato kapena Mercedes-Benz Sprinter, zili ndi nkhani yakeyake. Pa injini zina lamba wa jenereta (alternator) amazunguzanso pampu ya madzi ndi yofewetsa chiwongolero, pa zina pampu ya madzi ili pa lamba wina. Injini zake za dizilo n'zoyendetsedwa ndi kompyuta, ndiye magetsi akatsika kwambiri injini imangozima, ngakhale pakati pa msewu. Batire lachiwiri, la nyali za m'kati ndi furiji, limathandiza pokhapokha mwini wake akudziwa mmene lalumikizidwira. Funso la kandime kaja likadalipo pa galimoto zonsezi: lambayu amazunguzanso chiyani?

Pamene buku likutchula galaja, likuganiza za dziko limene galaja ya Volkswagen ili m'tauni yotsatira. Woyenda ndi nyumba yake amapita dala kumene kulibe magalaja. Kampaniyo inkadziwa zimenezi, chifukwa m'thumba la masipanala inkaikamo lamba wapadera. Gudumu la lamba la pa jenereta linali la mbali ziwiri, pakati pake pali mawashala. Dalaivala ankamasula nati imodzi, n'kuika lamba watsopano, kenako n'kumachotsa kapena kuwonjezera mawashala mpaka lamba atakungika bwino, onse otsala n'kuwasunga kunja kwa gudumulo pansi pa nati yomweyo.