Singano ya pa Mbombwe ndi Maluwa Obwereka

M'Chichewa mau akuti kupeta ali ndi matanthauzo awiri. Mai amapeta mphale m'lichero kuti gaga auluke. Ndipo mai yemweyo, akatenga singano ndi ulusi wamitundumitundu, amapeta nsalu kuti ikongole. Nchito ziwirizi nzosiyana, komatu zonse zifuna diso lodziwa chosunga ndi chotaya. Ndi muyeso umenewu kuyenera kuyesa luso la zosokasoka limene linaphunzitsidwa pa Mbombwe, m'boma la Chiradzulu.

John Chilembwe atabwera kuchokera ku America m'chaka cha 1900, anakhazika mishoni ya Providence Industrial Mission pamalopo. M'chaka cha 1902 kunafika Emma Delaney, mai wachikuda wophunzira ku Spelman Seminary mumzinda wa Atlanta, ndipo anayamba kuphunzitsa akazi kusoka. Iye atabwerera kwao, nchitoyo inatsala m'manja mwa Ida, mkazi wa Chilembwe. Zithunzi za masiku amenewo zionetsa Ida atabvala deresi lalitali, losokedwa monga mwa mabvalidwe a akazi a ku America ndi ku Ulaya.

Ubwino wa nchito imeneyi suyenera kuchepsedwa. Pa nthawiyo anthu a ku Magomero anali kulima thangata m'minda ya A. L. Bruce, ndipo munthu wakuda anali kuyembekezedwa kubvula chipewa akakomana ndi Mzungu panjira. M'dziko lotere, mkazi wodzisokera yekha chobvala cha msoko woongoka ndi mpendero waudongo anali kunena ndi singano yake kuti iyenso ndi munthu woyenera ulemu. Tchalitchi cha njerwa cha pa Mbombwe chinagwetsedwa ndi asilikali a boma m'chaka cha 1915, koma luso lokhala m'manja mwa munthu siligwetsedwa ndi wonga.

Komabe pali chosowa chimodzi. Kadulidwe ka zobvalazo kanali kobwereka, monganso maluwa amene sukulu zambiri za mishoni zinaphunzitsa atsikana kupeta anali otengedwa m'mabuku a kunja. Chikhalirecho dziko lino silinali losowa zokongoletsa. David Livingstone, poyenda m'chigwa cha Shire m'chaka cha 1859, anapeza Amang'anja akupota thonje ndi kuomba nsalu zao. Panalinso mphini, mikanda yoluka, mizere yolembedwa pakhosi pa mbiya, ndi kalukidwe ka nsengwa. Zimenezi sizinapatsidwe malo m'chipinda chosokeramo. A pa Mbombwe sayenera kudzudzulidwa kwambiri pa ichi, pakuti kwa iwo kutsanzira kunali chida chomenyera ulemu. Koma wophunzira wa lero, amene nkhondo imeneyo anammenyera kale makolo ake, alibe chowiringula akangokhalira kutsanzira.

Mtsikana wofuna kukula pa luso lopeta zobvala za akazi, monga aja ophunzira kusoka pa sukulu ya nchito zamanja ya DAPP ku Mikolongwe, m'boma lomweli, apyola makwerero atatu. Loyamba ndi la dzanja: misoko ikhale yolingana, ulusi usakokedwe koposa kuti nsalu ingachite makwinya. Wofuna kudziwa mmisiri weniweni atembenuze nsaluyo, pakuti mfundo ndi ulusi wolendewera zibisala kuseri. Apa ndipo pagwira mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Lachiwiri ndi la diso: chitenje chodzala kale ndi maluwa a ku fakitale chimeza zopeta, pamene nsalu ya mtundu umodzi izionetsa bwino, makamaka pakhosi, m'mapeto a manja ndi kumpendero. Akumbukirenso kuti deresi lichapidwa ndi kusitidwa kawirikawiri, kotero kuti ulusi wosuluka uononga nchito ya mwezi wathunthu. Lachitatu, limene ambiri salifika, ndilo kujambula yekha chimene adzapeta. Wopeta duwa la mnzake, ngakhale alipete mosalala chotani, akali wanchito chabe. Mwini luso ndiye amene ayang'ana tsamba la chinangwa kapena duwa la nandolo m'munda mwa amake, nalichepetsa mpaka litsale mizere isanu yokwana pakolala.

Mphunzitsi wa sukulu ya pulaimale ndiye atsegula kapena kutseka khomo la kwerero lachitatulo. Akagawira ana onse chithunzi chimodzi kuti atsate, adzakolola misoko yabwino ndi maso ogona. Koma akawatuma kukajambula mizere ya pa mbiya ya agogo ao, nawafunsanso maina amene agogowo aitchula mizereyo, adzakhala ataphunzitsa kusoka ndi chinenero pa phunziro limodzi. Mau otere akalembedwa m'kope la mwana asungika. Akasiyidwa, apita kumanda pamodzi ndi woumba mbiya wotsiriza wa m'mudzimo.