Ulemu wa Pabwalo Usatseke Anthu Pakamwa

M'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Michesi bwalo lili ndi malamulo ake: wolankhula ayambe wapereka ulemu kwa amfumu, asadule mnzake mawu, asatukwane, ndipo woledzera abwerere kwawo. Malamulowa ngabwino, popanda iwo msonkhano ungasanduke phokoso la pamowa.

Koma tili ndi dandaulo. Chiyambire ndondomeko ya mphamvu ku anthu mu 1998, makomiti a chitukuko amakambirana za nkhalango, mijigo ndi sukulu. Komabe kawirikawiri mayi kapena mnyamata akadzudzula ootcha makala m'phirimo, amauzidwa kuti alibe mwambo, makamaka wootchayo akakhala mbale wa nduna. Pamenepo lamulo loletsa chipongwe lasanduka loletsa choonadi.

Ife a kuno sitingaseweretse nkhani ya mitengo. M'mwezi wa Marichi 1991 Napolo anatsika m'Michesi ndi miyala ndi matope, napha anthu mazanamazana. Mu 2023 namondwe wa Freddy anasakazanso boma la Phalombe. Tikupempha mafumu athu kuti wodzudzula mwaulemu azimvedwa mpaka atamaliza, ngakhale wodzudzulidwayo akhale mphwawo wa amfumu.